Tochi ya pamakiyi: funsani za batire musanafunse za kuwala

Mdima wa kwathu kuno sugogoda pakhomo. M'mwezi wa June dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, ndipo chisisira chake n'chachifupi, moti munthu amene wakwera minibasi m'tauni kunja kukuoneka amakatsika ku Area 25 kapena ku Bangwe kuli kale mdima wa ndiweyani. Kuchokera pasiteji kukafika pakhomo pali ngalande zosavindikira, maenje ndi miyala, ndipo dzinja likafika pamaonjezera matope ndi zithaphwi. Kumudzi nkhani ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa ngalande muli zitsa, minga ndi linthumbu. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira nyumba zawo ndi matochi kapena nyali za mabatire, pamene ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Ngakhale ochepa amene ali ndi magetsiwo sanaiwale zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Abale athu a ku Zambia anakumana nazo mu 2024, chilala chitachepetsa madzi pa damu la Kariba. Tochi m'maiko athu ano si chida cha alonda ndi asodzi okha. Ndi ya aliyense amene amayenda dzuwa litalowa.

Vuto la tochi yaikulu n'lakuti mdima ukakupezani m'njira, iyo imakhala ili kunyumba, pamwamba pa kabati kapena kumutu kwa bedi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tochi yothandiza ndi imene ili m'thumba panthawi imene magetsi azima, ndipo chinthu chimene munthu sachisiya potuluka m'nyumba ndi makiyi. N'chifukwa chake katochi kakang'ono komangirira pamakiyi, kotalika ngati chala, kali ndi ntchito imene tochi ya mabatire anayi singaigwire. Koma anthu ambiri akafuna kugula katochi kotere amafunsa funso limodzi lokha: kodi kamawala bwanji? Wogulitsa amakayatsa, n'kukalozetsa kumaso kwanu masana dzuwa likuswa mtengo, inu n'kutsinzina, malonda n'kutheka. Ine ndikuona kuti funsoli liyenera kubwera pamapeto. Choyamba n'kudziwa batire limene katochiko kamadya ndi kumene mudzalipeze likatha. Chachiwiri n'kuona ngati kamatha kuwala pang'ono kwa nthawi yaitali. Kuwala kothobwa m'maso n'kumene kumagulitsa matochi, komanso n'kumene kumawapha msanga.

Zaka makumi atatu zapitazo nkhani ino sikanalembeka n'komwe. Matochi a nthawi imeneyo anali ndi kababu kokhala ndi kawaya kopyapyala mkati, ndipo mphamvu yambiri ya batire inkathera pa kutenthetsa kawayako, osati pa kuwala. Katochi ka pamakiyi kotchuka ka ku America, Maglite Solitaire, kamene kanatuluka mu 1988, kankawala mochepera kandulo. Zinthu zinasintha chifukwa cha timababu ta LED. Kababu kofiira ka mtunduwu kanapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962, koma kuti papezeke kuwala koyera pankafunika kaye LED yobiriwira ngati thambo, ndipo imeneyi inavuta akatswiri kwa zaka zambiri. Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya, komanso Shuji Nakamura wa kampani ya Nichia, ndi amene anatsegula njira, ndipo mu 1993 LED yowala ya mtundu umenewu inalowa pamsika. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. LED yoyera imene ili m'tochi yanu lero ndi yobiriwira ngati thambo yomwe ija, yopakidwa mankhwala achikasu pamwamba. Ntchito ya anthu amenewa ndi imene inathamangitsa koloboyi ndi utsi wake wa parafini m'nyumba zambiri za ku Malawi.

Kuchuluka kwa kuwala kumene tochi imatulutsa kumayezedwa m'malumeni, ndipo papaketi amalemba kuti lumens kapena lm. Kandulo yoyaka bwino imatulutsa malumeni pafupifupi 12. Babu lakale la m'nyumba la mawati 60 linkatulutsa pafupifupi 800, ndipo nyali imodzi yakutsogolo ya galimoto ya mababu akale imatulutsa pakati pa 1,000 ndi 1,500. Tsono ganizirani ntchito zimene munthu amagwiritsira katochi ka pamakiyi: kupeza pobaya kiyi pa loko, kulowetsa manambala a mayunitsi m'mita ya magetsi, kufufuza chenji chimene chagwera pansi pa mpando m'minibasi, kupita kuchimbudzi usiku, kuwerenga zimene zalembedwa pa botolo la mankhwala a mwana. Ntchito zonsezi kandulo imodzi imazikwanitsa, ndipo zina zimatheka ndi kuwala kochepera pamenepo. Poyenda m'njira yakuda, malumeni 20 kapena 30 amaonetsa bwino pomwe phazi likukaponda ndi masitepe angapo kutsogolo. Palinso china chimene opanga matochi sakonda kuchitchula. Diso la munthu silimawerenga kuwala mmene makina amawerengera. Kuti tochi ioneke yowala kuwirikiza kawiri, imafunika kutulutsa malumeni ochuluka pafupifupi kanayi. Ndiye kuti tochi ya malumeni 400 imadya batire mowirikiza kanayi kapena kuposa poyerekeza ndi ya malumeni 100, koma m'maso mwanu kuwala kwangowirikiza kawiri.

Masamu a batire ndi osavuta, ndipo amaulula bodza lambiri lolembedwa pa mapaketi. Kababu kabwino ka LED m'tochi kamatulutsa malumeni pafupifupi 100 pa wati imodzi. Batire labwino la AAA, laling'ono lija la mu rimoti ya wailesi yakanema, lili ndi mphamvu yongokwana kupereka wati imodzi kwa ola limodzi, ndipo likamakokedwa mwamphamvu choncho silikwanitsa n'komwe olalo. Choncho katochi ka batire limodzi la AAA kakamawala malumeni 100, yembekezerani kuti kafooka ola lisanathe. Kakamawala malumeni 5, batire lomwelo likhoza kufika maola 20. Nanga paketi ya katochi kotere ikalemba kuti malumeni 1,000? Kuwala kumeneko kumafuna mawati 10, mphamvu imene batire wamba la AAA silingatulutse ngakhale kwa mphindi imodzi. Nambala yotereyi si yokokomeza chabe, ndi yabodza, ndipo kampani imene yayamba ndi bodza pa chinthu chooneka choncho sitingaikhulupirire pa zimene zili mkati mwa tochi. Ndi bwino kugula katochi kolembedwa kuti malumeni 90 kusiyana ndi kolembedwa 5,000, chifukwa nambala yaing'onoyo kawirikawiri imasonyeza kuti pali munthu amene anayezadi.

Ngakhale makampani oona mtima ali ndi kalembedwe kofunika kukamvetsa. Mu 2009 ku America anakhazikitsa ndondomeko yoyezera matochi yotchedwa FL1, ndipo makampani ambiri odziwika amaitsatira. Malinga ndi ndondomekoyi, nthawi imene tochi imayaka amaiwerenga mpaka pamene kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a kuwala koyamba. Paketi ikanena kuti malumeni 100 kwa maola awiri, sikuti mudzakhala ndi malumeni 100 maola awiri onsewo. N'kutheka kuti m'theka la ola lomaliza mudzakhala mukuunikira ndi malumeni 15. Mtunda umene amati tochi imafika nawonso amauyeza mpaka pamalo pamene kuwala kwake kwangofanana ndi kwa mwezi wathunthu, choncho mamita 50 a papaketi ndi ochepera pamenepo m'njira yeniyeni. Timatochi tamakono totchaja, timene timalonjeza malumeni 500 kapena kuposa, timafikadi pamenepo, koma kwa mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Kachitsulo kakang'ono ngati chala sikangataye kutentha kochuluka choncho, ndiye tochi imadzichepetsera yokha kuwala kuti isapse. Palibe chinyengo apa, koma wogula adziwe kuti nambala yaikulu ya papaketi ndi ya mphindi zochepa, pamene usiku uli ndi maola khumi ndi awiri.

N'chifukwa chake kuwala kotsika ndi kumene kuyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Diso likakhala mumdima limazolowera pang'onopang'ono, ndipo pakatha mphindi 20 mpaka 30 limaona zinthu zimene poyamba silinkaziona. Kuwala kwamphamvu kukangolowa, kuzolowera konseko kumatha nthawi yomweyo. Munthu amene wadzuka pakati pa usiku n'kuyatsa malumeni 300 m'chipinda cha makoma oyera amadzithobwa yekha, amadzutsa mnzake ndi khanda, ndipo akazimitsa tochiyo amakhala mumdima woposa wapoyamba. Mayi woyamwitsa, wodikirira wodwala m'chipatala amene sakufuna kusokoneza odwala ena, mwana wasukulu yogonera komweko amene akufufuza sopo m'sutikesi mbandakucha, onsewa amafuna kuwala kwa malumeni 1 mpaka 5. Tochi yabwino ya pamakiyi imakhala ndi magawo awiri kapena atatu a kuwala, ndipo ikayatsidwa imayambira pa kotsika. Imene imayambira pa kuwala kwamphamvu, kenako n'kudutsa pa kuphethiraphethira musanaizimitse, imatopetsa, ndipo imawononga batire pa ntchito imene simunaitume. Kuphethira kumeneku kuli ndi ntchito yake pochenjeza magalimoto pangozi, koma pakatochi ka tsiku ndi tsiku kuyenera kubisika, osati kukhala panjira ya batani nthawi zonse.

Wina anena kuti zonsezi n'zoganiza munthu wa m'nyumba, koma panja kuwala kochuluka ndiko chitetezo. Mfundoyi ili ndi mutu. Mphiri imakonda kugona phee panjira usiku, siithawa mapazi a munthu monga zimachitira njoka zina, ndipo khungu lake limafanana ndi masamba ouma. Agalu olusa ndi anthu oipa aliponso. Munthu amafuna kuona chimene chikuyenda m'mphepete mwa chimanga asanayandikire. Koma taonani bwino chimene chimateteza pa zoopsa zimenezi. Njoka ili pa mtunda wa masitepe awiri kapena atatu, ndipo chimene chimaionetsa ndi kuwala kotambasuka, kogwera njira yonse ndi m'mbali mwake, osati kadontho kowala kwambiri kolunjika patali kamene kamasiya m'mbali muli bii. Mtundu wa kuwala nawo uli ndi gawo lake. Timababu totchipa timawala mobiriwira ngati thambo, ndipo pansi pa kuwala kotere dothi lofiira, masamba ouma ndi khungu la njoka zimaoneka ngati chinthu chimodzi chotuwa. Kuwala koyera kopendekera ku chikasu pang'ono kumasiyanitsa bwino mitundu ya zinthu. Pa nkhani yoona patali, gawo la malumeni 80 mpaka 150 loyatsa kwa kamphindi ndi lokwanira kuzindikira ngati ali apoyo ndi munthu kapena mbuzi. Amene ntchito yake ndi kulondera malo aakulu, kapena wa kabaza woyenda usiku, agule tochi yaikulu kapena nyali ya panjinga, chifukwa ka pamakiyi sikanapangidwire zimenezo. Tochi yoopsa kwambiri panjira ndi imene yazima muli pakati pa dambo chifukwa inamwa batire lonse m'theka loyamba la ulendo.

Tsono tifike pa batire, pamene pagona nkhani. Timatochi ta pamakiyi tili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032 ndi CR2016, kapena tating'ono kwambiri ta LR41 ndi LR44 timene amatisanjikiza titatu kapena tinayi. Timatochi timeneti n'topepuka, ndipo nthawi zambiri timaperekedwa ulere pamodzi ndi katundu wina kapena pamisonkhano. Koma timabatire totere tinapangidwira mawotchi, makakyuleta ndi makiyi a galimoto, zinthu zimene zimamwa mphamvu pang'onopang'ono ngati dontho. Tikapatsidwa ntchito younikira timafooka msanga, moti katochi kamene kanali kowala tsiku loyamba kamakhala ngati chiphaniphani pakatha masabata ochepa. Kuti mupeze tina muyenera kupita kwa okonza mawotchi kapena m'sitolo ya m'tauni, ndipo mtengo wake nthawi zina umaposa wa katochi komweko. Katochi kotere kamathandiza popeza bowo la loko, basi.

Gulu lachiwiri ndi la batire limodzi la AAA, ndipo kwa anthu ambiri m'dziko muno ndi limene ndingalimbikitse. Chifukwa chake n'chimodzi: miyala ya tochi imapezeka paliponse. Pa okala ya m'mudzi, pa msika wa tsiku limodzi pa sabata, pa golosale ya pa siteji, simulephera kupeza AA, ndipo AAA yafalanso chifukwa cha marimoti. Batire likatha pakati pa usiku mumangoika lina, tochi n'kuyakanso nthawi yomweyo, osadikira magetsi kapena dzuwa. Amene akukhala kudera kumene AAA imavuta akhoza kusankha tochi ya AA imodzi. Ndi yonenepa pang'ono m'thumba, koma batire lake lili ndi mphamvu yoposa kuwirikiza kawiri. Chofunika kudziwa n'chakuti mabatire ofanana kukula safanana mkati. Yang'anani timalemba ta pambali pa batire. Lolembedwa R03, kapena R6 ngati lili la AA, ndi la mtundu wakale, ngakhale papaketi atalemba mawu aakulu akuti Heavy Duty. Lolembedwa LR03 kapena LR6 ndi la alkaline, ndipo m'tochi limakhalitsa kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Onse awiri ali ndi vuto limodzi: akatha n'kusiyidwa m'tochi amatuluka madzi amene amauma ngati ufa woyera n'kudya zitsulo za mkati. Matochi ambiri abwino amafa imfa imeneyi kusiyana ndi kugwa pansi. Amene ali ndi magetsi kapena sola akhoza kugula mabatire a AAA otchaja, olembedwa NiMH, amene amatchajidwa kambirimbiri ndipo kawirikawiri satuluka madzi. Ubwino wa tochi ya AAA ndi womwewu, kuti imalandira mitundu yonse itatu malinga ndi zimene zilipo tsikulo.

Gulu lachitatu ndi la timatochi tokhala ndi batire la lithium mkati, totchajira pa USB ngati foni. Otikonda ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mabatire ambiri ogulitsidwa kuno amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023 mitengo ya katundu wotere inakwera. Munthu wogwiritsa ntchito tochi tsiku lililonse akhoza kuwononga ndalama zambiri pa mabatire m'chaka chimodzi kuposa mtengo wa tochiyo, ndipo mabatire otha amangotayidwa kudzala kapena kuseri kwa nyumba kumene ana amawatola. Kwa wokhala m'tauni, kapena amene ali ndi sola yotchajira foni pakhomo, katochi kotchaja n'kabwino, makamaka ka USB-C chifukwa kamagwiritsa chingwe chimodzi ndi mafoni amakono. Koma zofooka zake zidziwike. Batire lake n'laling'ono, ndipo likatha magetsi atazima palibe chochita koma kudikira. Limakalamba ngakhale musakuligwiritsa ntchito, ndipo pakatha zaka zingapo silisunganso moto. Popeza ambiri anamatiridwa mkati, kufa kwa batire ndiko kufa kwa tochi. Kutentha kumafulumizitsa ukalamba umenewu, ndipo aliyense wodziwa dzuwa la mu October ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kumatentha kupyola madigiri 40, angaganize zimene zimachitikira makiyi osiyidwa m'galimoto yotseka. Amenenso amalipira kuti atchajitse foni pa benchi ya pamsika aone kuti katochiko kakuwonjezera chinthu china chopita nacho kumeneko.

Funso limene ambiri ali nalo ndi lakuti, popeza foni ili ndi tochi kale, kugula ina n'kutaya ndalama chifukwa chiyani? Kwa amene ali ndi foni ya mabatani yokhala ndi tochi kumutu kwake, yosunga moto masiku angapo, funsoli n'lomveka, ndipo mafoni amenewa aunikira mabanja ambiri mokhulupirika. Koma foni yamakono yagalasi ndi nkhani ina. Kababu kake kanapangidwira kujambula zithunzi, choncho kamamwaza kuwala paliponse osafika patali. Kuposa apo, magetsi akazima kwa maola ambiri foni ndi imene imafunika kusungidwa moto, chifukwa ndi yoimbira achibale kapena galimoto munthu akadwala usiku, ndiponso ndi mmene muli ndalama za Mpamba kapena Airtel Money. Kuunikira nayo n'kudya mbewu. Komanso foni ndi chinthu chodula kwambiri chimene ambiri a ife timayenda nacho. Kuinyamula m'mwamba ikuwala m'njira yakuda n'kuitana akuba, ndipo kulowa nayo m'chimbudzi chokumba usiku, dzanja limodzi lili ndi foni, lina likulimbana ndi chitseko, ndi mmene mafoni ambiri atsanzikira eni ake. Katochi kakagwera m'matope mumakatola, kupukuta, n'kupitiriza ulendo. Kamathekanso kukaluma ndi mano manja onse awiri akakhala pa ntchito, monga pokonza tcheni cha njinga.

Ena amati matochi apulasitiki otchipa a pamsika ndi okwanira, ikafa n'kugula ina. Munthu amene ndalama yake ikulekezera pamenepo agule, chifukwa kuwala kulikonse kumaposa kupapasa, ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma moyo wa pamakiyi ndi wovuta kuposa wa pakabati. Katochi kamakhulana ndi zitsulo tsiku lonse, kamagwa pa simenti, kamakhalidwa, kamanyowa ndi thukuta ndi mvula. Chimene chimayamba kufa pa matochi otchipa si kababu, ndi swichi, kenako chivindikiro cha batire ndi kakhutu kolowetsapo mphete ya makiyi. Wogula atatu kapena anayi pa chaka wawononga ndalama zofanana ndi za katochi kamodzi ka chitsulo cha aluminiyamu kamene kakanatha zaka zingapo, ndipo pakati pa kufa kwa kena ndi kugula kena wagona mumdima. Mtengo wokwera pawokha si umboni wa ubwino, chifukwa mayina a makampani odziwika amaberedwa n'kulembedwa pa katundu wachabe. Umboni uli m'manja mwanu pamene muli m'sitolo. Tsegulani mbali ya batire muone ngati mazinga ake akuyenda bwino osakhulana. Onani ngati pali kamphete ka labala kotchinga madzi. Yatsani tochiyo n'kuigwedeza, n'kuimenya pang'ono pachikhatho. Ikaphethira, zitsulo za mkati sizikugwirana bwino, isiyeni. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Mayatsidwe nawo aganiziridwe, chifukwa tochi yoyaka yokha m'thumba ndi imene mumaipeza yakufa pa tsiku limene mwaifuna. Timatochi toyatsa popotokola mutu tili ndi ubwino waukulu: tilibe batani loti lisweke kapena kudinidwa ndi makiyi, ndipo tikazimitsidwa sitimwa batire ngakhale pang'ono. Kuipa kwake n'kwakuti timafuna manja awiri, kapena zala zozolowera, ndipo mutu ukapotokoledwa mopitirira ukhoza kumasuka n'kutayika. Ta batani n'tosavuta kuyatsa ndi dzanja limodzi, koma batani lotuluka kunja limadinika m'thumba la jinzi, ndipo pa timatochi tambiri totchaja batanilo limamwa moto pang'onopang'ono ngakhale tochi ili yozima. Ngati mwasankha ka batani, funsani ngati kali ndi njira yokhomera kuti kasayake kokha. Pa nkhani ya madzi, papaketi pamalembedwa IPX ndi nambala. IPX4 imapirira mvula ndi madzi othovukira, pamene IPX7 ikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Kwa woyenda pansi m'dzinja IPX4 ndi poyambira, ndipo kwa wa m'mbali mwa nyanja kapena wowoloka mitsinje IPX7 ndi yoyenera. Kaunyolo kopyapyala kamene kamabwera ndi matochi ena kachotseni, mumange tochiyo pa mphete yolimba ya makiyi. Kulemera kukhale koti simukukumva m'thumba, chifukwa katochi kolemera kamachotsedwa pamakiyi pakatha sabata, n'kukakhala pakabati pamodzi ndi tochi yaikulu ija.

Mukagula, chisamaliro chake n'chochepa. Yatsani kamodzi pa sabata kuti mudziwe mmene batire lilili, ndipo kuwala kukayamba kufooka lisintheni osadikira kuti lifiretu. Pukutani zitsulo zogunda batire ndi kansalu kouma. Ngati ndi kotchaja, musakasiye katatheratu kwa miyezi, ndipo kakayamba kutupa kapena kutentha kwambiri potchaja musakagwiritsenso ntchito.

Pali chifukwa china chimene timatochi ta mabatire ozungulira aja sitiyenera kukhala pamakiyi a kholo, ndipo n'chachikulu kuposa kufooka kwa kuwala. Makiyi ndi choseweretsa cha makanda. M'tchalitchi, m'minibasi, pamzere wa kusikelo, mwana akayamba kulira amapatsidwa makiyi kuti atonthole, ndipo chilichonse chimene khanda lagwira chimapita kukamwa. Zivindikiro za timatochi totchipa zimatseguka mosavuta. Batire la CR2032 ndi lalikulu mamilimita 20, msinkhu wokhoza kukakamira pammero pa mwana, ndipo likakakamira limapitiriza kutulutsa mphamvu imene imasandutsa malovu kukhala mankhwala owotcha. Likhoza kuwotcha kwambiri njira ya chakudya m'maola awiri okha, mwana asanaonetse zizindikiro zoopsa, ndipo ngakhale batire lakutha limene silingayatsenso tochi limavulaza. Ngati m'nyumba mwanu muli ana aang'ono, chotsani katochi kotere pamakiyi lero, ndipo timabatire takutha musatitaye pomwe ana amasewera. Mukakayikira kuti mwana wameza batire, musamusanzitse, musayambe mwafufuza mankhwala apakhomo, ndipo musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukafika auzeni achipatala kuti chimene wameza ndi batire.